Batani Lapakati

Lolemba, 3 Malichi

Kope latsopano. Lakale ladzaza ndi madandaulo, mwini madandaulo sanasinthe.

Ntchito monga mwa masiku onse. Foni m'kabati, chikwama m'kabati, ngakhale cholembera sichilowa. Chipinda chachitali, makatani ali chitsekere dzuwa lili pamutu. Anthu 40, aliyense ndi mahedifoni ake, wolankhula palibe. Chomveka ndi zala basi. Tsiku lina magetsi atathima ndinamva munthu akupuma pambali panga mpaka ndinadzidzimuka.

Kunyumba amadziwa kuti ndimalowetsa manambala mu kompyuta. Ndinasaina pepala loti sindidzauza munthu, ngakhale wondibala. Ndiye ndiuze kope. Ndimawerenga zimene anthu amalemba pa tsamba lija la pa intaneti aliyense amachezerapo, zimene anzawo azidandaula. Za m'chilankhulo chathu tilipo atatu okha: ine, mnzanga wokhala cha kuzenera amene timangomuti Wapazenera, ndi wina wa shifiti yamadzulo amene sindinamuonepo nkhope. Positi ikabwera, dzina la mwini wake palibe, pali nambala. Maina a anthu ndi a malo amawapaka mzere wakuda. Nkhope pazithunzi zili mbuu. Pakona pa sikirini masekondi 40, akutsika. Mabatani atatu: siya, bisa, chotsa.

Chotsa ndi lachilungamo, munthu amauzidwa. Loopsa ndi lapakatilo. Ukabisa, mwini wake amaiona positi yake bwinobwino, ili pompo, koma palibenso wina akuiona. Zikachitika kachitatu, makina amabisa munthu yense. Amalemba, amalemba, kuli zii. Muno timawatcha mizukwa. Ndipo lamulo ndi loti amene wabisa ndiye amalondera: chilichonse chimene mzukwa wako walemba chimabwera kwa iwe. Ine ndili nayo 14.

Bambo ndawapeza pampando wawo, magalasi pamphuno, foni kutali ndi nkhope ngati ikununkha. Chimwalirireni mayi, tsambalo ndiye mnzawo. Ine ndinalichotsa pafoni panga kalekale, zonyansa za anthu tsiku lonse zimandikwana. Akuti netiweki yavuta masiku ano, anthu sakuyankha. Ndati mwina ndi mvulayi. Ndawagulira bandulo ina.

Lachitatu, 5 Malichi

Mutu kuyambira m'mawa. Nsapato yakumanzere yayamba kulowa madzi.

Wapazenera wataya mzukwa. Unali wa mayi wina amene m'mawa uliwonse ankalemba kuti mwadzuka bwanji nonse. Miyezi isanu ndi iwiri, womuyankha palibe. Kuyambira Lachisanu sanalembe. Pa nkhomaliro Wapazenera sanadye. Anangoti, "Mwina wangogula foni ina, eti?" Ndinati eya.

Wanga wondiseketsa ndi 4471. Ndinamubisa masabata awiri apitawo. Nkhani ya bwalo la sukulu limene akuti lagulitsidwa mwachinyengo. Anatchula wapampando wa komiti kuti mbava, madandaulo 60 pa ola limodzi. Zoonekeratu kuti odandaulawo anachita kumemana, koma buku lathu silifunsa zimenezo. Kutchula munthu mbava khoti lisanatero ndi kumuzunza, basi. Kanali kachitatu. Ndinadina n'kupita kwa wina. Nkhani za malo zimabwera zambirimbiri patsiku.

Amalemba ngati akuyankha mayeso. Choyamba. Chachiwiri. Pomaliza. Chilembo cholakwika palibe, mpumiro uliwonse pamalo pake. Lero wafunsa kuti kodi abale, mwakwiya nane? Ndaseka ndekha. Mulungu andikhululukire, ndaseka.

Lachisanu, 7 Malichi

Sindikufuna kuzilemba izi. Ndilembabe.

4471 watumiza chithunzi. Kapu ya tiyi patebulo, pansi pake mawu oti ndikudikira maganizo anu. Kapu ya maluwa obiriwira, yoduka chogwirira. Nsalu yoyera ya patebulo, pakona pake chipsera cha simbi. Chipsera chimenecho ndinapanga ndine ndili ndi zaka 13, mayi anandikalipira sabata yathunthu.

Masekondi anatha ndikuyang'ana. Sikirini inafiira. Bwana wa shifiti, uja timamuti Kapitawo, anabwera kudzaima kumbuyo kwanga. Ndinati ndi m'mimba. Kuchimbudzi ndinatsegula mpopi kuti asandimve.

Bwalo la sukulu. Bambo akhala akulinena pa chakudya mwezi wathunthu, ine ndikungoti mmm, eya, zoona, maso pambale. Anaphunzitsa pasukulu imeneyo zaka 31. Mwana wawo weniweni, osazindikira kalembedwe ka bambo ake! Ndikanazindikira bwanji? Kunja kwa ntchitoyi sindinawerengepo chilichonse chimene analemba.

Madzulo nsalu ili pompo, kapu ili pompo. Ndaitsuka kawiri.

Loweruka, 8 Malichi

Tsiku lonse kunyumba. Kuchapa, kusesa, kuwaba bambo ndi maso.

Foni amaiika patebulo, sikirini m'mwamba. Ikathima amaiyatsa. Galimoto ikadutsa, tebulo n'kunjenjemera pang'ono, amaitola msanga kuyesa yalira. Ndawerenga mpaka kakhumi, ndasiya.

Andipatsa kuti ndiione, mwina pali chimene anakhudza molakwitsa. Ndaitembenuzatembenuza, ndalowa apa, ndatuluka apo, nkhope ya katswiri. Ndati zonse zili bwino. Akuti ndiye kuti ndine ndawatopetsa anthu. Anena akuseka, koma chakudya asiya theka.

Lamulungu, 9 Malichi

Achemwali ndi alamu anabwera titaweruka kutchalitchi. Bambo anali atakumana ndi aHedi panjira, anzawo akale a kuntchito. Akuti aHedi atawaona anabwerera m'mbuyo. "Aphunzitsi, muli moyo? Ife timayesa mwagonekedwa, tsamba lanu lili zii." Chonsecho iwo akulemba tsiku ndi tsiku.

Achemwali anatulutsa foni yawo. Mafoni awiri patebulo, moyandikana, tsamba limodzi. Pa ya bambo mapositi mpaka a m'mawa uno. Pa ya achemwali yomaliza ya pa 18 Febuluwale, kenako palibe. Bambo anayang'ana uku, anayang'ana uku. Anakanda sikirini ya achemwali ndi chala ngati mawuwo abisala pansi pake.

Kenako mlandu. Bambo anakatenga kabuku ka malamulo oyendetsera dziko, kaja ankaphunzitsira, kothothoka chikuto, n'kuwerenga ndime ya ufulu wolankhula zakukhosi ataimirira. Alamu ndi loya, ndipo salola munthu aiwale. Anadikira amalize, n'kunena kuti ndime imeneyo imamanga manja a boma, osati a kampani. Tsambalo ndi nyumba ya eni ake. Munalowa mwaulere, munadina kuti ndavomera musanawerenge, ndiye eni nyumba akhoza kukukhalitsani chete. Bambo anafunsa kuti ndi nyumba yanji imene uthenga wa maliro, wa ntchito, wa msonkhano wa makolo, zonse zimalengezedwa m'menemo. Imeneyo ndi nyumba kapena msewu? Alamu anati kukhoti ndi nyumba.

Chimene chandikhala pamtima ndi ichi. Bambo anati, "Chabwino, ndi kwawo. Koma munthu akatopa nawe pakhomo pake amakuuza kuti nyamuka. Sakusiya uzilankhula iye atatseka makutu a alendo onse." Akuti akungofuna kudziwa kuti ndani. Alamu anati ndi makina. Bambo anapukusa mutu. Akuti makina sadziwa chilankhulo chathu, pali munthu.

Ine ndinali kukhitchini, ndikupukuta mbale youma kale.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndamufunsa Kapitawo mozungulira, ngati za munthu wina. Mzukwa ungamasulidwe? Akuti mwini wake achite apilo. Apilo imapita kuti? Kwa amene anabisa, winanso ndani wodziwa chilankhulocho. Ukasintha chigamulo chako, a kulikulu amatsegula akauntiyo, maina onse poyera, kuti aone chimene chakusinthitsa maganizo. Chaka chatha wina anamasula msuweni wake. Anamuperekeza mpaka pageti ndi alonda awiri, ndipo pepala lija anasaina linamutsatira kwawo.

Dzina la bambo ndi langa ndi limodzi. Penshoni yawo ndi dzina chabe. Lendi, magetsi, chakudya, zonse zili pa mpando ndimakhalirawu.

Ndinati koma bwana, si kutseka anthu pakamwa kumeneku? Anaseka. "Ife si boma, sitimanga munthu. Akulemba, sakulemba? Watsekedwa pakamwa ndani?" Amanena akutafuna chingamu.

Ndipo sindinganame kuti ntchitoyi ndi yoipa yokhayokha. Lero lomwe ndachotsa chithunzi cha mtsikana chimene mwamuna wake wakale anamwaza. Ameneyonso akanati ndi ufulu wake. Pamenepo sindinazengereze. Koma batani la mwamuna uja ndi la bambo anga zili pa mzere umodzi, masekondi ake omwewo.

Madzulo andipempha ndiwathandize apilo, poti ndimadziwa za makompyuta. Ndawaonetsa podina. Alemba okha, mfundo zisanu ndi ziwiri. Andifunsa ngati mawu oti chonde akumveka ngati akugonja. Ndati ayi. Awasiya.

Lachisanu, 14 Malichi

Apilo ya bambo yafika 11:20. Mfundo zisanu ndi ziwiri, chonde wake ali pompo. Pa apilo mabatani ndi awiri okha: bwezera, chikhale.

Kapitawo anali mizere iwiri kutsogolo, sankandiyang'ana n'komwe. Palibe anandikakamiza. Ndilembe zimenezo kuti ndisadzadzinamize m'tsogolo. Chikhale. Panatsala masekondi 9.

Ndafika kunyumba uthenga utanditsogolera. Andiwerengera mokweza, mwaulemu wonse: taunikanso dandaulo lanu mosamala. Abwereza mawu oti mosamala. Akuti bola, pali amene wawerenga.

Ndadzida.

Lachiwiri, 18 Malichi

Masiku anayi osatsegula kope. Ndilembemo chiyani?

Nyumba yasintha. Wailesi sakutsegula. Za bwalo la sukulu sakuzitchulanso, chonsecho amva kuti ayamba kuthirapo mchenga ndi miyala. Kabuku ka malamulo kabwerera pashelefu. Alamu anaimba foni kuti angotsegula akaunti ina ndi dzina lina. Bambo akuti dzina ali nalo limodzi.

Koma akulembabe. Ndimawaona m'mawa ndikamachoka, chala chimodzi, pang'onopang'ono. Ndimakwera basi ndikudziwa kuti zimene akulembazo zikupita kumene ndikupita ine, ndipo zikafika ine ndisanafike.

Positi yawo ya lero ndailoweza: "Kwa inu amene munandibisa. Ndikudziwa kuti mulipo, chifukwa munthu sabisa chimene sanawerenge. Anzanga onse mwandichotsera, mwatsala inu. Ndiye mwadzuka bwanji?"

Ndinacheuka. Anthu 40, misana yokhayokha.

Lachisanu, 21 Malichi

Tsiku lililonse kalata. Choyamba ndi chachiwiri zija zatha, tsopano akungocheza. Amafunsa ngati ndadya, ngati kumene ndili kukuzizira. Akuganiza kuti ndine mwamuna wa kutali, wovala tayi. Akuti sakundiimba mlandu, nanenso ndili ndi bwana. Akuti boma likakumanga limalemba dzina lako m'buku, achibale n'kudziwa kokakuona, koma kuno sakudziwa kuti akagogode khomo liti. Andiuza mmene anakumanirana ndi mayi, pa mzere wa katemera, nkhani imene sindinaimvepo chibadwire. Kuti mpaka pano amagona mbali imodzi ya bedi. Ndikuwadziwa bambo anga masekondi 40, masekondi 40.

Ndayamba kuwadikira makalatawo. Zamanyazi. Akachedwa mtima umakhala m'mwamba.

Lachitatu analemba za ine. Akuti ndili ndi mwana wamkazi, amandisunga bwino, koma amabwera kuchokera kuntchito maso ali ngati wachokera kumaliro, ndiye sindimuvutitsa ndi nkhani zanga. Akuti amandithirira shuga wambiri mu tiyi, mmene ankamwera mayi ake, chaka chachiwiri chino, ine ndimangomwa.

Ndiye chitsiru ine, dzulo m'mawa ndinathira supuni imodzi. Dzanja linangochita lokha. Anamwa, n'kuika kapu pansi, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi, kuyang'ana kuja ankayang'ana ana obera mayeso. Anangoti, "Tiyi wakoma lero, mayi." Lero ndathira masupuni atatu. Amwa yense.

Lolemba, 24 Malichi

Ya lero inayamba kuti popeza pano ndi pokhapo pamene palibe angamve, ndinene.

Chotupa pansi pa nthiti, kumanja. Anachimva mu Januwale. Apita kale kuchipatala kawiri okha, masiku amene ankati akukaona aHedi. Anawadula kanyama kokayeza. Zotsatira Lachinayi, 10 koloko. Dokotala wati abwere ndi wachibale. Iwo akuti ana anga aika mayi awo dzanadzanali, asapume? Ndipita ndekha, ndikabwerako ndidzauza inu.

Dzina la chipatala mzere wakuda. Koma alemba kuti akakhala pa benchi ija ya pansi pa wotchi yoima, pamene ankadikirira ndi mayi. Benchi imeneyo ndimaidziwa ndi msana wanga.

Munthu akalemba kuti akufuna kudzipweteka pali poitanira akuluakulu. Za matenda palibe. Buku likuti siya mmene zilili. Ndasiya. Yotsatira inali ya munthu wogulitsa mankhwala okulitsa matako.

Madzulo ndawafunsa mmene akumvera m'thupi. Akuti ndili gwa. Lamba wawo amuboola bowo lina, ndaona.

Lachitatu, 26 Malichi

Ndafufuza ponamira. M'jekete, m'madirowa, m'Baibulo, pansi pa matiresi, kuti ndipeze kakhadi ka chipatala ndidzati ndinakapeza pochapa. Palibe. Mphunzitsi wakale amadziwa pobisa. Ndaimbira aHedi ngati ndikungopereka moni, sakudziwa kanthu. Achemwali sakudziwa. Padziko lonse wodziwa ndi mmodzi, uja anadina chikhale.

Mwina ndi msampha. Tiyi uja. Bambo amenewa anagwira ana akuba zaka zonse zija osakweza mawu. Koma bowo la palamba si msampha.

Ndikapita, adziwa. Osati za ntchito zokha. Adziwa kuti ndinawabisa ndine, kuti ndinaima kukhitchini Lamulungu lija, kuti ndinawaonetsa podina apilo kenako n'kukaikana ndekha. Akauza achemwali, achemwali auza alamu, alamu auza dziko, ntchito yatha. Zimenezo mwina ndingapirire. Nkhope yawo ndi imene ndikuopa. Ndikapanda kupita, akamva okha, akabwera okha pa basi, kenako alembera ine, ine n'kudina siya.

Wapazenera wandifunsa chimene chikundidya. Ndinatsala pang'ono. Kamera ya padenga inali pa ife, ndati ndi dzino.

Ya lero inali yaifupi. Akuti asita malaya oyera. Akuti akuopa. Bambo anga, kulemba kuti ndikuopa!

Pa chakudya andiuza kuti mawa akukaona aHedi, mwina achedwerako. Ndati mukawapatse moni.

Lachinayi, 27 Malichi

Ndanyamuka nthawi ya masiku onse, chikwama paphewa, ndatsanzika monga mwa masiku onse. Koma ndakwera basi ina, ya kuchipatala. Kapitawo waimba kanayi, foni ndaitembenuza.

9:25. Khonde lomwe lija, fungo lomwe lija. Wotchi ikadali pa 4:10. Benchi aipaka utoto, ndakhalapo, kope pabondo. Pambali panga mayi wina ndi envulopu yaikulu pamiyendo, milomo ikugwedera, mawu osamveka. Ndabwera ndi botolo la madzi ndi mpango, sindikudziwa kuti ndi za chiyani.

Ndakonza mawu njira yonse. Onse akuyamba ndi bambo, kenako palibe.

9:40. Ndikhoza kutulukabe. Khomo lakumbuyo lili apo, pafupi ndi polandirira mankhwala. Nesi wafunsa ngati ndili pa mzere, ndati ndikudikira munthu. Wachibale? Eya, wachibale. Ndakhalabe pabenchi.

9:50. Ndi awo kumapeto kwa khonde. Malaya oyera, tayi. Aonda, Mulungu wanga, kunyumba sindimaona. Akuyenda m'mbali mwa khoma, mutu pansi, akulemba pafoni. Akulembera ine.

Adzutsa mutu. Andiona. Aima.

Sakudabwa.

Foni akuilowetsa m'thumba, akubwera, ndipo ine sindi